Ndinabwera ndi Chala, Akundichiza Pakamwa

Lachitatu, 3 Juni 1936

Andigoneka m'chipatala cha kampani lero m'mawa. Ndine Bizwick Namaona, dalaivala wa lole yonyamula mabokosi a tiyi kuchoka ku fakitale kuno ku Thyolo kupita ku Limbe. Zaka naini ndili pa chiwongolero, sindinagwetsepo bokosi ngakhale limodzi. Ndikulemba kuti akandiphera muno, anthu adzadziwe mmene zinayendera.

Ndinabwera ndi chala. Chala chachiwiri cha phazi lamanzere, chimene msomali wa bokosi unandibaya mu Epulo, chilonda chake n'kukana kupola. Ndimati andipaka mankhwala, andimanga, ndibwerere ku ntchito. Koma diresa wa pano wothandiza adokotala, a Edson, anayamba mafunso opanda mutu. Ludzu limakuvutani? Mumataya madzi kangati pa tsiku? Pamene mwatayira madzi pamabwera nyerere? Ndinati nyerere zimapita kumene zafuna, ine sindine kapitawo wa nyerere.

Anatenga mkodzo wanga, anadontheza m'kabotolo kowonda momwe munali mankhwala abuluu, n'kuwiritsa pa kanyale. Mankhwala aja anafiira ngati njerwa.

"Bambo Namaona, muli ndi shuga m'thupi. Wambiri."

Kope ili ndi pensulo wandigulira mkazi wanga Alesi. Bedi langa ndi lachinayi kuchokera pakhomo. Bulangete ndi limodzi, chiperoni chayamba.

Lachinayi, 4 Juni

Sikelo ya chipatala imalekera pa mapaundi 200, ndiye anandiyendetsa ndikutsimphina mpaka ku fakitale, n'kundiimika pa sikelo ya mabokosi. Anthu amene ndimawauza pokweza katundu anasiya ntchito n'kumandionerera. Wina anakuwa, "Mumateni chipepala, apite ku Landani!" Mapaundi 221. Nkhope ya wokuwayo ndaisunga.

Adokotala ndi mzungu wamng'ono kwa ine, koma amanditchula iwe. "Iwe umadya chiyani pa msewu?"

Ndinanena zoona. Popita ndimaima pa Bvumbwe, pa kantini ya mayi Teleza: tiyi makapu awiri, masikono atatu. Ku Limbe, podikira kuti atsitse katundu, mpunga ndi nyama ya mbuzi pa kantini ya kuseri kwa siteshoni, ndi thobwa. Pobwerera, pa Bvumbwe pomwepo, mbale ina ya mpunga kapena nkhuku, chifukwa mayi Teleza ndimawanyamulira ufa ndi nkhuni, salola kuti ndidutse osakhala pansi. Zitumbuwa zodyera m'njira. Ndikafika kunyumba ndimalawako za Alesi kuti asadandaule.

Adokotala analeka kulemba. Anauza a Edson m'Chingerezi kuti munthu uyu akudya za anthu atatu. Amayesa sindikumva. Ndinafika Sitandade 4 ku mishoni, ine.

Akuti chakudya chili ndi muyeso wake wotchedwa makalori, monga petulo ali ndi magaloni. Ine ndimadya opitirira 4,000 pa tsiku. Andilembera 1,000. M'mawa dzira limodzi, mkaka theka la kapu, tiyi wopanda shuga. Masana nyama yopanda mafuta maaunsi atatu, kabichi wowiritsa katatu madzi ake n'kumataya, nsima maaunsi awiri. Madzulo chimodzimodzi, koma nyemba m'malo mwa nyama. Nsima ya maaunsi awiri ndi mbamu ziwiri basi. Ndayesa.

Ndinafunsa za jakisoni amene ndinamva kuti azungu odwala shuga amabayidwa. Anati ngosowa, ndipo kwa munthu wonenepa ngati ine mankhwala ndi njala. Iwo anapita kukadya nkhomaliro.

Loweruka, 6 Juni

Mkodzo wofiira. Chala akutsuka kawiri pa tsiku. Kabichi wowiritsa katatu amakoma ngati chiguduli chonyowa.

Ndinabwera ndi chala, akundichiza pakamwa.

Lamulungu, 7 Juni

Pa bedi la kumanja kwanga pali Fabiano Mulipa, wolima m'mizere ya tiyi. Anachokera kwa Apwitikizi zaka ziwiri zapitazo. Timayankhulana Chilomwe, poti mayi anga anachokeranso komweko. Miyendo yake yatupa, khungu la m'manja ndi m'khosi likusupuka ngati anapsa, m'kamwa muli zilonda. Phoso lonse limene amalandira amatumiza kwa mkazi ndi ana ku Thekerani, iye n'kumakhalira makaka. Adokotala amulembera mkaka, mazira awiri, chiwindi, ndi phala la ntedza lothira shuga. Amaliyang'ana phalalo n'kutembenukira kukhoma. Munthu wokana kudya amuika pambali pa munthu woletsedwa kudya. Amene anayala mabedi awa alibe umunthu.

Masana kunabwera alendo. Stewart, amene amupatsa lole yanga kuti aziyendetsa ndili muno, analowa ndi chitini chokulunga m'nsalu. Anati chachokera kwa mayi Teleza. Fungo la mbuzi linafika pa bedi iye asanafike. Alesi anali atakhala pamapazi anga. Anaimirira n'kumulanda.

"Bambo a Doris, ichi simudya."

"Chabwera m'dzina langa."

"N'chomwe chakugonekani apa."

Ndinati mkazi wabwino akaona mwamuna wake akufa ndi njala samulanda mbale. Sanakweze mawu, koma wodi yonse inamva.

"Zaka naini ndakhala ndikuphika, inu n'kumangotsina m'mbali chifukwa mwakhuta kale kwa eni ake a pamsewu. Zimene ndaphikira inu ndimadya ndi ana mkute wake. Lero mukufuna ine ndemwe ndikunyamulireni mbale ya a Teleza mpaka pakamwa?"

Anakapereka kwa amuna awiri a mabedi a kumapeto. Ndinawamva akudya. Mmodzi anati mchere wachepa. Likanakhala labwino phazi ili ndikanakamuponda.

Lachinayi, 11 Juni

Mkodzo wachikasu. A Edson akuti ukuchoka pa kufiira, kenako udzabiriwira ngati tsamba, ndipo ukadzakhala wabuluu ndiye kuti shuga watha mumkodzo. Chilonda chasiya kununkha. Anasangalala ngati apola ndi iwo. Ine maso akuchita chidima ndikadzuka msanga, ndipo ndikagona ndikumaona masikono.

Loweruka, 13 Juni

Cha m'ma teni a Edson amapita kukhonde kukaona odwala oyendera. Nthawi yomweyo ndi imene amabweretsa phala la Fabiano. Lero Fabiano anandikankhira mbale yake.

"Achimwene, idyani inu. Ine likundiwawa m'kamwa. Akapeza mbale yodzaza amandikalipira."

Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinanyambita ndi supuni yomwe. Dzira lakenso.

Lachiwiri, 16 Juni

Wofiira ngati tsiku loyamba. Masiku anayi ndakhala ndikudya phala la Fabiano.

A Edson anawiritsa kawiri kuti atsimikize. Anafunyulula pansi pa pilo, m'thumba la jekete, m'nsapato. Sanapeze kanthu. Ndiye anati, "Ndi akazi anu. Akukubisirani chakudya m'nsalu." Adokotala alamula kuti Alesi asalowenso muno.

Za phala sindinaulule.

Lachitatu, 17 Juni

Ndinamuona Alesi pazenera. Wayenda kuchokera ku malaini a antchito ndi Doris kumbuyo kwake, atanyamula malaya anga ochapa. Mlonda anamubweza pachipata. Anaima pamenepo nthawi yaitali akufunsa chimene walakwa. Kenako anasiya malaya kwa mlonda n'kubwerera.

Phala la lero ndinadyabe. Ndikulemba chifukwa kope ili si la mabodza.

Lachinayi, 18 Juni

Chala chada mpaka pamfundo. Fabiano anagwa popita kuchimbudzi, anamunyamula anthu awiri. Adokotala anaima pa bedi lake akukanda mutu. Akuti munthu akumaliza mbale zonse koma akungotha, mwina matenda ndi ena, mwina amusinthire mankhwala.

Atatuluka ndinaitana a Edson n'kuwauza za phala. Sanandiyang'ane kumaso. Anapinda thaulo limene linali m'manja mwawo, analipindanso.

"Bambo Namaona, ndakhala pa ntchito ino zaka sikisi. Ndaona obisa kachasu, obisa fodya, obisa mankhwala a kwa sing'anga. Woba chakudya cha munthu amene akufa ndi njala ndamuona lero. Ndipo munandisiya ndinamizire mayi wosalakwa."

Ndinafuna kuwauza kuti Fabiano anachita kundipatsa yekha. M'malo mwake ndinatembenukira kukhoma.

Chala adula mawa.

Loweruka, 20 Juni

Adula dzulo. Mankhwala ogonetsa akundisanzitsa. Zala zatsala zinayi.

Lamulungu, 21 Juni

Kupweteka. Ndinafunsa ngati phala lija ndilo latenga chala. A Edson akuti mwina chikanapitabe, palibe akudziwa. Bola akanangoti inde.

Alesi amulola. A Edson anapepesa kwa iye pamaso pa wodi yonse. Ine ndinati, "Make Doris, ndinalakwa." Anati, "Ndamva." Anandipukuta kumaso, anakonza bulangete, n'kukhala pamapazi anga mpaka belu lotulutsa alendo litalira.

Lachinayi, 25 Juni

Mkodzo wachikasu.

Phala la Fabiano tsopano ndikumudyetsa ndine. Palibe wandituma. Ndimalisungunula ndi mkaka kuti lisamuwawe, ndimaliuzira, n'kumupatsa supuni imodzi imodzi. Akatseka pakamwa ndimamutukwana m'Chilomwe, zitukwano zimene ndinamva kwa amalume anga. Dzulo ndinamuuza kuti akafa, mkazi wake ku Thekerani akwatiwa ndi kapitawo. Anatsegula pakamwa kuti andiyankhe, ndinalowetsa supuni.

Fungo la ntedza limandilowa mpaka m'mutu. Ndimamukwiyira chifukwa chodya pang'onopang'ono chinthu chimene ine ndikanachimeza kamodzi.

Lachitatu, 1 Julayi

Wobiriwira masiku atatu otsatizana. Mapaundi 199. Sikelo ya chipatala yandikwana. Andiwonjezera kufika makalori 1,400: ntedza dzanja limodzi ndi nsima maaunsi atatu. Bala likutseka bwino.

Lachisanu, 3 Julayi

Bwana wa fakitale watumiza kalata kufunsa ngati ndibwerera pa lole. Adokotala anandiwerengera yankho lawo asanatumize. Akuti muno ndikuchira chifukwa chakudya amandiyezera, koma dalaivala amadya m'makantini, ndipo m'kantini mulibe sikelo. Akuti ndikabwerera pa msewu, chaka chisanathe adula phazi lonse. Alemba kuti andipatse ulonda wa pachipata cha fakitale.

Ine. Ndizitsegulira Stewart chipata, iye akudutsa ndi lole yanga.

Ndinakuwa. Sindikukumbuka zonse. Ndinati amene sanayendetsepo lole pa matope a Januwale asandiuze za msewu. Ndinati ndi Bambo Namaona, si iwe. Ndinaponya kapu pansi. Adokotala anangoti, "Munthu amene analephera kukana phala la mnzake akana bwanji mbale ya m'kantini?" Anatuluka. Chondipweteka n'chakuti funsolo linali loona.

Madzulo a Edson anabwera. Kuyambira tsiku lija amangondiyankhula za ntchito. Anati apempha adokotala kuti asunge kalata. Lolemba ndikwere ndi Stewart ngati wapaulendo, ndipite ku Limbe ndi kubwerako, ndidye m'makantini momwe ndimadyera. Lachiwiri m'mawa awiritsa mkodzo. Ukafiira, ulonda.

Ndinafunsa chifukwa chake andichitira zimenezi. Anati Fabiano wawonjezera mapaundi anayi.

Lamulungu, 5 Julayi

Tsiku lonse sukulu. A Edson andipatsa kachitini ka mkaka kodula pakati. Mpunga kapena nsima zisapitirire pamenepo, osatsindira. Nyama ndichotse mafuta ndi chikopa, msuzi wonona ndisamwe. Masamba ndipemphe ambiri, ndiyambe kudya iwo. Thobwa, masikono, zitumbuwa, ndiziiwale. Kudya kwenikweni kukhale pa kantini imodzi yokha, kwina tiyi basi. Akuti chachikulu ndinene msanga asanapakule, chifukwa mbale ikafika patsogolo panga ndagonja kale.

Ndinati munthu wamkulu kutulutsa kachitini pa anthu, kuli bwino kuvula. Anati ndisankhe ndekha chovula, ulemu kapena nsapato.

Lolemba, 6 Julayi

Ndabwerako. Ndilemba zonse phazi lisanayambe kuwawa kwambiri.

Stewart amasintha magiya ngati akuswa nkhuni. Ndinadziluma lilime mpaka pa Bvumbwe.

Kantini ya mayi Teleza inali ndi anthu ochepa kusiyana ndi kale. Atandiona anawomba m'manja. "Eee, adalaivala athu! Akutheranitu azungu! Khalani, khalani." Ndinachedwa. Ndisanatsegule pakamwa, mbale inali pathebulo, mpunga phiri, mbuzi pamwamba, msuzi ukuyenderera. Tiyi wawo amaphikira limodzi ndi shuga m'ketulo imodzi.

Ndinatulutsa kachitini. "Mayi, mundithirire umu. Ndipo tiyi wopanda shuga."

A Peterson, atelala amene amasokera pakhonde pomwepo, anasuzumira. "Kambale ka mphaka!" Anthu anaseka. Kenako a Peterson anawonjeza, "Komatu munthu sakana mbale ya pamene wadya zaka naini popanda chimene wamva."

Kuseka kunatha. Mayi Teleza anapukuta manja pa nsalu, anaima patsogolo panga.

"A Namaona, nenani pano pa anthu. Chitini ndinakutumizirani, ndamva kuti simunadye. Chigonereni inu m'chipatala, pa Bvumbwe ponse akuti mwadwala chakudya changa, akuti ndimathira zinthu kuti madalaivala asamapite kwina. Anthu asiya kubwera. Lero mwabwera kudzakana mbale yanga masana, onse akuona?"

Anatenga supuni, anadya katatu m'mbale yangayo, n'kundikankhira. "Ngati mulibe nane chifukwa, idyani."

Mayi amenewa anandisamala zaka naini. Ndikadya, dzina lawo layera. Mbale inali pansi pa mphuno yanga. Dzanja linanyamuka lokha, ndinaliona. Ndipo mkwiyo unandigwira, wa njala, wa a Peterson, wa adokotala amene ananeneratu kuti zidzatere. Ndinavula nsapato, ndinamasula nsalu yonse, ndinaika phazi pa benchi.

"Werengani zala! A Peterson, bwerani muwerenge, mumadziwa kuyeza inu! Palibe anandithirira kanthu. Ndinadzithirira ndekha, makapu awiri popita, mbale pobwerera, tsiku ndi tsiku. Ndi shuga uyu. Mayi awa akanakhala kuti amaphika zoipa, bwenzi chala changa ndili nacho!"

Kenako mkulu wina wa njinga anayamba kuseka mpaka kutsokomola, ena n'kutsatira. A Peterson anabwerera ku makina awo.

Mayi Teleza sanaseke. Anayang'ana bala nthawi yaitali. Anati, "Tsitsani phazi pa benchi langa, anthu akudya." Anatenga kachitini, anathira mpunga, n'kuyamba kutsindira ndi supuni kuti ulowe wambiri. Ndinati asatsindire. Anati munthu wamkulu sangakhale ndi moyo pa kameneka. Tinakangana mpaka anachotsako. Anabweretsa mpiru mbale yodzaza, nyama ziwiri zopanda mafuta, ndipo anatereka madzi ena m'kapoto kuti andipangire tiyi wanga. Mbale yaikulu ija anadya Stewart. Sindinamuyang'ane.

Ku Limbe mwini kantini anati tiyi wopanda shuga kulibe, sangaterekere munthu mmodzi. Ndinamwa madzi, ndinadya ntedza wanga nditakhala pa chigubu, ena akudya mbuzi. Pobwerera pa Bvumbwe sindinatsike. Mayi Teleza anabwera okha ku lole ndi ntchafu ya nkhuku yosenda chikopa ndi nkhwani.

Cholakwa chimodzi: titadutsa pang'ono tinaima kuthira madzi mu injini, mayi wina wogulitsa anandipatsa nthochi. Ndinadya yonse. Ndawauza kale a Edson.

Mamailosi atatu omaliza Stewart anandisiyira chiwongolero. Kuponda kalachi kukupweteka, koma phazi likumvera.

Lachiwiri, 7 Julayi

Anawiritsa adokotala ataima pomwepo. Ndinayang'ana kabotolo ngati mlandu. Kanabiriwira, n'kuima pomwepo.

"Si buluu," anatero adokotala.

"Si njerwa," anatero a Edson.

Ang'amba kalata ija. Alemba ina: miyezi itatu pa lole, Loweruka lililonse ndizibwera kudzayezetsa. Ukafiira kawiri, pachipata. Sanandiyamikire. Sindimayembekeza.

Lachinayi, 9 Julayi

Ndikutuluka lero. Fabiano atsala masabata ena awiri. Akudya yekha tsopano, ndipo dzulo anadandaula kuti chiwindi chachepa. Ndamusiyira bulangete limene Alesi anandibweretsera kuchokera kunyumba.

Alesi wabwera kudzanditenga. Pomanga katundu anati dzulo anakwera ndi Stewart mpaka pa Bvumbwe. Ndinafunsa kukatani. Anati kukaonana ndi a Teleza.

"Munakangana?"

"Tinamwa tiyi. Tagwirizana kuti masana muzidya kwa iwo, madzulo kwa ine, ndipo aliyense azidziwa zimene mwadya kwa mnzake. Akuti mukadzapempha sikono adzanditumizira mawu tsiku lomwelo."

Ndinati ndili ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, sindine mkaidi. Anati, "Nyamulani ndodo yanu, bambo a Doris."

Njala ilipobe. Sinachoke ngakhale tsiku limodzi chilowereni muno. Pakhomo ndinafunsa a Edson kuti kudya kotereku ndi mpaka liti. Ndimayesa anena Khirisimasi, kapena chaka chamawa.

Anati, "Mpaka tsiku lomwalira, bambo Namaona."

Ndinawayang'ana, ndinafuna kuwatukwana. Alesi anali atasenza kale katundu, akundidikira panja.

Ndinati, "Chabwino. Ndiye ikhale njala yaitali."